Kamawu koti “if” ndi aneni oyenda nako

Satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa munthu amene walephera Chingerezi. Mwana wa pa Mzimba Secondary kapena wa pa Robert Laws ku Embangweni akhoza kukhoza masamu ndi 1, sayansi ndi 2, koma Chingerezi chikabwera ndi 9 ndiye kuti zaka zinayi zija zapita padera. Wofuna malo ku yunivesite ya boma ndiye kukhoza chabe sikukwanira, pamafunika credit. Lamulo limeneli m’Chingerezi tinganene kuti “If you fail English, you do not get the certificate.” Chiganizo chotere, chimene mbali imodzi imadalira inzake, aphunzitsi amachitcha conditional sentence, ndipo ndi pamene ana ambiri anzeru amataya malikisi. Sikuti sadziwa chimene akufuna kunena ayi. Chimawasokoneza ndi mneni amene ayenera kukhala pambuyo pa “if” ndi mnzake wa mbali inayo.

Zinenero zitatu m’mutu umodzi

Mwana wa ku Luwerezi, kwa Khosolo kapena kwa Mabulabo amadzuka ndi Chitumbuka pakhomo. Akafika kusukulu amakumana ndi Chichewa, chimene chinalowa m’makalasi a dziko lonse mu 1968 pamene Chitumbuka chinachotsedwa m’sukulu ndi pa wailesi. Pa Jenda, poti ndi m’malire ndi Kasungu, zinenero ziwirizi zimangosakanikirana pamsika. Chingerezi chimabwera chachitatu. Lamulo la maphunziro la 2013 limati chizikhala chophunzitsira, koma mwana weniweni wa kumudzi amachimva belu likalira ndipo amachisiya pomwepo akaweruka.

Tsono mwana ameneyu akamalemba chimangirizo, chiganizo amayamba wachimanga m’chinenero chakwawo, kenako n’kuchiveka mawu a Chingerezi. Ndipo zinenero zathu pa nkhani imeneyi n’zolemera. M’Chichewa tili ndi “mvula ikagwa”, “ngati mvula yagwa”, “mvula itagwa lero”, “mvula ikadagwa”. Mtumbuka ali ndi “para”, “usange” ndi “nthena”. Kamphatikira kamodzi, -ka-, -ta- kapena -kada-, kamatiuza nthawi yomweyo ngati wolankhulayo akuyembekezadi chinthucho, akungolota, kapena akudandaula zomwe zinapita kale.

Chingerezi chilibe timphatikira timeneti. Chili ndi “if” yemweyo basi, ndipo ntchito yonse yosiyanitsa chiyembekezo, maloto ndi madandaulo chimaisenzetsa nthawi ya mneni. Mneni akamabwerera m’mbuyo, chinthucho chikutalikirana ndi zoona. Womvetsa zimenezi zotsalazo sizimuvuta.

Zochitika nthawi zonse

Apa mpophweka. Mukanena chinthu chimene chimakhala choncho masiku onse, aneni onse awiri amakhala a nthawi yatsopano: “If you leave tomatoes in the sun, they go soft.” Mayi aliyense wogulitsa tomato pa Jenda amadziwa kuti ukamusiya padzuwa amafewa, dzulo, lero ndi mawa.

Chenjezo ndi limodzi. -ka- wathu amagwira ntchito ya “if” komanso ya “when”. “Ndikafika pa Jenda ndikuimbirani” ndi mawu a munthu wodziwa kuti afika, ndiye Chingerezi chake ndi “When I reach Jenda, I will call you.” Mukalemba “If I reach Jenda” mwawauza amayi anu kuti mwina simufika, ndipo sagona tulo.

“Will” asayandikire “if”

Cholakwa chimene chimapezeka kwambiri m’makope ndi ichi: “If I will pass my exams, I will go to Loudon.” Mwanayu akufuna kukaphunzira zauphunzitsi ku koleji ya Loudon ku Embangweni, ndipo maganizo ake ngolunjika. Mayeso sanalembe, ali kutsogolo, nanga “will” aletsedwe chifukwa chiyani? M’Chichewa timanena kuti “ndikadzakhoza mayeso, ndidzapita ku Loudon”. Onani -dza- uja, wakhala mbali zonse ziwiri. Mwanayo wangomunyamula momwe alili n’kumusandutsa “will” kawiri.

Chingerezi sichilola. Nthambi ya “if” imatenga mneni wa nthawi yatsopano ngakhale nkhaniyo ili ya chaka chamawa, ndipo “will” amakhala mbali ya zotsatira yokha:

“If I pass my exams, I will go to Loudon.”
“If the rains come in December, we will plant before Christmas.”
“If the bus leaves the Boma at six, it will reach Kasungu before noon.”

Musaiwale ka “s” kaja pa “leaves”. Ambiri akachotsa “will” amasiya “if the bus leave”, ndiye athawa cholakwa china n’kugwera m’china.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito pa “when”, “before”, “after”, “until” ndi “as soon as”. “I will send the money as soon as I get paid”, osati “as soon as I will get paid”. Mbali ya zotsatira siumirira “will” yekha. Mukhoza kuikapo “can”, “may”, “must”, kapena lamulo chabe: “If you see my uncle at Edingeni, greet him.”

Komabe wina adzakuuzani kuti anawerengapo “if” ndi “will” zili pamodzi m’buku lolembedwa bwino, ndipo sakunama. Zimachitika pawiri. Poyamba ndi pamene “if” akutanthauza “kaya”: “I do not know if he will come”, sindikudziwa kaya abwera. Apa palibe chimene chikudalira chinzake, ndi funso lobisika chabe, ndipo mukhoza kuikapo “whether” tanthauzo osasintha. Kwina ndi pamene “will” akunena za kulola kwa munthu, monga mlembi wa mu ofesi akati “If you will wait here, I will call the officer.” Kumeneko n’kupempha mwaulemu kuti mudikire. Kupatula pawiri pamenepa, mukaona “will” watsatana ndi “if” m’kope mwanu, fufutani.

Mneni wa dzulo wonena za lero

Mnyamata wakhala pa siteji pa Mzimba Boma, akuonerera anzake akukweza zikwama pa ulendo wa ku Joni. Iye pasipoti alibe. Mumtima akuti, “Nditakhala ndi pasipoti, ndingapite nawo.” M’Chingerezi ndi “If I had a passport, I would go with them.”

Mawu akuti “had” ndi amene amasokoneza. Amaoneka ngati a dzulo, koma mnyamatayu sakunena za dzulo, akunena za lero lomwe lino. Mneni wabwerera m’mbuyo pofuna kusonyeza kuti chinthucho si choona. Kutero ndiye -ta- wa Chingerezi. Mbali inayo imatenga “would”, “could” kapena “might” ndi mneni wosasinthidwa: “would go”, “could buy”, “might stay”. Osati “would went”, osatinso “will go”. Chiganizo chakuti “If I had money, I will buy an ox-cart” chayamba ndi maloto n’kuthera pa lonjezo, ndipo wochonga amadula pomwepo.

Chosangalatsa n’chakuti nthawi zambiri mitundu iwiriyi yonse, wa “will” ndi wa “would”, imakhala yolondola pa galamala, koma imaulula zosiyana za mumtima mwa wolankhula. Wopikisana nawo pa chisankho akaima pamsonkhano ku Champhira amati “If I win, I will repair this bridge.” Sangayerekeze kunena “If I won, I would repair this bridge”, chifukwa kutero n’kuuza anthu kuti iye mwini sakukhulupirira kuti apambana. Chimodzimodzi polemba kalata yofunsira ntchito. “If you give me this job, I will work hard” ndi mawu a munthu amene akudziona ali pantchitopo. Pa mayeso, funso lodzaza mpata limakhala litakupatsani kale mbali imodzi, ndiye inu yang’anani mneni amene alipoyo. Mukaona “would” kumapeto, bwezani mneni wa “if” m’mbuyo. Mukaona “will”, musiyeni pa nthawi yatsopano.

Pali kamwambo kena pa mneni “be”. Pa zongoyerekeza, Chingerezi cha m’mabuku chimafuna “were” ngakhale mukunena za munthu mmodzi: “If I were the head teacher”, “If she were here”. Eni chinenero ambiri polankhula amati “if I was”, ndipo palibe amawatenga kupita nawo kubwalo. Koma pa pepala la MANEB lembani “were”. Pa kupereka malangizo ndiye mawuwo anaumiratu, sasintha: “If I were you, I would sell the maize in January.” Ife timati “ndikadakhala ine”.

Madzi akatayika

Apa, pa zinthu zimene zinapita kale, ndi pamene Chichewa chathu chimatipusitsa kwambiri, chifukwa chiganizo chake n’chokongola ndi chosalala: “Ndikadadziwa, ndikadabwera.” -kada- kuno, -kada- uko (ena amati -kana-, n’chimodzimodzi). Tinazolowera kumanga ng’ombe zofanana pa goli limodzi. Ndiye mwana akaphunzira kuti “ndikadabwera” ndi “I would have come”, amaganiza kuti “ndikadadziwa” ndi “if I would have known”, n’kulemba “If I would have known, I would have come.”

Pa goli la Chingerezi ng’ombezo n’zosiyana. Mbali ya “if” imatenga “had” ndi mneni wa mtundu wachitatu uja, wa mu mndandanda wa go, went, gone. Mbali ya zotsatira ndiyo imatenga “would have” ndi mneni wa mtundu womwewo. “If I had known, I would have come.” “Would” ndi mmodzi m’chiganizo chonse, ndipo malo ake si kumene kuli “if”.

Mbiri ya boma lathu la Mzimba ndi yabwino kuyeserapo, poti zochitika zake sizingabwezedwe. Inkosi Zwangendaba anawoloka Zambezi ndi anthu ake, Angoni, mu 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Akadapanda kuwoloka, Angoni sakadakhazikika ku Mzimba: “If Zwangendaba had not crossed the Zambezi in 1835, the Ngoni would not have settled in Mzimba.” Donald Fraser, mmishonale wa Livingstonia, anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Embangweni mu 1902 n’kuitcha Loudon. “If Fraser had stayed at Hora, the hospital might have been built there.” Apa taika “might have” m’malo mwa “would have” chifukwa sitingalumbire kuti chipatala cha ku Embangweni chikadamangidwadi ku Hora. “Could have” naye alipo, wonena za kuthekera: “If we had applied fertiliser on time, we could have filled the granary.”

Ana ena lamulo amalidziwa bwinobwino koma amagwa pa mneni wachitatuyo. Amalemba “if he had went”, “if she had wrote”, “we would have ate”. Mankhwala ake palibe ena koma kuloweza mndandanda uja: gone, written, eaten, seen, taken, sown. Ndi ntchito yotopetsa, koma ya sabata imodzi. Musaopenso “had had”. “If I had had transport money, I would have attended the funeral” n’chiganizo cholondola. “Had” woyamba ndi mneni wothandizira, wachiwiri ndiye kukhala nazo ndalamazo.

Chidule chakuti “I’d” chimaimira zinthu ziwiri. Mu “If I’d known, I’d have come”, woyambayo ndi “I had”, wachiwiri ndi “I would”. Pa mayeso lembani mawu onse, musafupikitse. Ndipo “would of” amene mumamuona pa Facebook ndi pa WhatsApp kulibe m’Chingerezi. Ndi “would have” wolembedwa ndi khutu.

Tisabise chinthu chimodzi. Mukamaonera mafilimu a ku America mudzamva anthu akunena “if I would have known” osaphethira n’komwe. Kumeneko ambiri amalankhula choncho. Koma ngakhale kwawoko mkonzi wa nyuzipepala amachikonza, ndipo Chingerezi chimene timayesedwa nacho kuno chimatsata cha ku Britain. Wochonga mayeso sadzafunsa kuti munaonera filimu yanji.

Dzulo likakhudza lero

Mabuku ambiri amandandalika mitundu inayi imene taonayi, kuyambira zero mpaka third, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Mitunduyo ndi yothandiza pophunzitsa, koma anthu polankhula amaisakaniza, ndipo salakwa. Chinthu chimene chinalephereka kale chikhoza kukhala ndi zotsatira zake lero. Bambo akamadandaula za mwana wawo amene anasiyira sukulu panjira n’kupita ku Joni amati, “Akadamaliza Fomu 4, bwenzi pano ali mphunzitsi.” Mbali yoyamba ndi ya kale, yachiwiri ndi ya lero, ndipo Chingerezi chimatsata momwemo: “If he had finished Form 4, he would be a teacher now.” Palibe “have been” chifukwa uphunzitsiwo ukadakhala wa lero lino.

Apa Chichewa chimatithandiza m’malo motisokoneza. Mukamva kuti chiganizo chikufuna “bwenzi pano” kapena “bwenzi lero”, dziwani kuti “would” ayenda ndi mneni wosasinthidwa. “If the Ngoni had not come north, people would not gather at Hora for Umthetho every August.” Kubwera kwa Angoni ndi kwa zaka za m’ma 1800, koma kusonkhana pa phiri la Hora pamaso pa Inkosi ya Makhosi M’mbelwa ndi kwa chaka chilichonse mpaka pano.

“Unless” ndi anzake

“Unless if” ndi mawu amene amamveka paliponse m’Malawi, m’maofesi, pa wailesi, ngakhale pa guwa. Gwero lake n’losabisika, ndi “pokhapokha ngati”. Koma “unless” ali kale ndi “if” m’mimba mwake, pamodzi ndi “not”. “Unless you pay” ndi chimodzimodzi ndi “if you do not pay”. Kuwonjezera “if” n’kubwereza, ndipo kuwonjezera “not” ndiye kutembenuziratu tanthauzo. “You will not write the exam unless you don’t pay the fee” akunena kuti olemba mayeso ndi okhawo amene sanalipire. Cholondola ndi “You will not write the exam unless you pay the fee.” Mneni wotsatira “unless” amamvera malamulo onse a “if”, kotero “will” asafikenso pamenepo.

Zimenezi si za mayeso okha. Mapepala a ngongole, mgwirizano wa mlimi wa fodya ndi kampani, kalata ya ntchito, zambiri zimabwera m’Chingerezi, ndipo mfundo zoluma zimabisala pambuyo pa “unless”, “provided that” ndi “as long as”. Awiri omalizawa ndi “bola” kapena “malinga” wathu: chinthucho chichitika malinga mwakwaniritsa mbali yanu. Mmalawi wolowa mu South Africa ndi pasipoti amaloledwa kukhala masiku 30 popanda viza, ndipo wopitirira masikuwo amaletsedwa kulowanso kwa kanthawi akamatuluka. Kwa boma ngati Mzimba, kumene mabanja ambirimbiri ali ndi wina wawo ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumva bwino “if” ndi “unless” pa pepala la pa chipata si nkhani ya galamala chabe.

“In case” naye si “if”. “Take a jersey if it is cold” ndiye kuti muyambe mwaona kuti kwazizira, kenako mutenge juzi. “Take a jersey in case it is cold” ndiye kuti tengani juziyo pompano kuopa kuti mwina kukazizira. Wodutsa ku Chikangawa mu Juni kapena Julaye amatenga juzi “in case”.

Pamene “if” wabisala

Makalata a m’maofesi amakonda kumeza “if” n’kutsogoza mneni wothandizira. “Should you need more information, contact the office” ndi “if you need” wovala tayi. “Had I known” ndi “if I had known”, “Were I the chairman” ndi “if I were the chairman”. Mbali ya zotsatira sisintha. Funso la mtundu umenewu limakonda kubwera pamene mwauzidwa kulembanso chiganizo moyamba ndi mawu ena. Pokana, “not” amabwera pambuyo pa mwininkhani: “Had he not left early”, osati “Hadn’t he left early”.

Kuno tili ndi kathu kakuti “had it been that I knew”. Kamamveka kaulemerero, koma n’kozungulira ndipo kamakokera mneni wolakwika. “Had I known” ndi mawu atatu okha, ndipo ngokwanira.

Za mpatuliro n’zachidule: nthambi ya “if” ikatsogola, ikani mpatuliro isanayambe inzake. Ikabwera pambuyo, mpatuliro safunika. “We will plant if it rains.”

Kwa aphunzitsi ndi oyeserera paokha

M’sukulu zambiri muli lamulo loti mwana akagwidwa akulankhula chinenero chakwawo alandire chibalo. Cholinga chake n’chomveka, ana azolowere Chingerezi. Koma pa phunziro ili lokha, lamulolo limalanda mwana chida chimene ali nacho kale. Mwana wa Fomu 2 amene sadziwa kusiyanitsa second ndi third conditional sanasokonezepo “nditapeza ndalama” ndi “ndikadapeza ndalama” chibadwire. Kusiyanako ali nako m’mutu. Chimene akusowa ndi kuuzidwa kuti -ka- amayenda ndi “find” ndi “will”, -ta- ndi “found” ndi “would”, -kada- wa zinthu zakale ndi “had found” ndi “would have”, komanso kuchenjezedwa pa malo awiri aja pamene chinenero chake chimabwereza koma Chingerezi sichibwereza, pa -dza- ndi pa -kada-.

Tikupempha aphunzitsi a Chingerezi, makamaka m’sekondale zoyendera kumene buku limodzi amalimbirana ana ambiri, kuti pa mutu umenewu agawe bolodi pakati. Kumanzere mwana alembe chiganizo chake m’Chitumbuka kapena m’Chichewa, chonena za mvula ya chaka chino, za mtengo wa feteleza, za mlongo wake amene ali ku Joni. Kumanja kalasi lonse lichimange m’Chingerezi, likangane pa mneni aliyense mpaka ligwirizane. Inu amene mukukonzekera mayeso panokha, tengani kope lanu la chimangirizo, zungulizani “if” ndi “unless” aliyense amene munalemba chaka chino, ndipo muone ngati “will” kapena “would” sanakhale mbali yolakwika.